Kodi Mankhwala a Khunyu Amafoola Nzeru?

M'midzi ya kwa Malemia, m'chigwa cha Domasi, mwana akayamba kumwa mankhwala a khunyu pamakhala dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri, loti kugwa kwasiya koma mutu sukugwiranso. Mwana uja amasinza m'kalasi ndipo amachedwa kuyankha akafunsidwa. Makolo ena akaona izi amamuletsa mankhwalawo. Dandaulo lawo lili ndi maziko, koma njira yomwe amasankhayo ndi yoopsa.

Ubongo wa munthu uli ndi maselo pafupifupi 86 biliyoni omwe amatumizirana mauthenga kudzera m'timphamvu ta magetsi. Munthu amagwa khunyu pamene gulu la maselowa latumiza mauthenga ochuluka nthawi imodzi, mosalamulirika. Izi zingachitike chifukwa chovulala m'mutu, zovuta pa nthawi yobadwa, kapena malungo a muubongo. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anasonyeza kuti ana ena omwe apulumuka malungo oterewa amadzadwala khunyu pambuyo pake. Matendawa sapatsirana kudzera m'malovu kapena pomugwira wodwala.

Ntchito ya mankhwala ndi kuchepetsa liwiro la mauthenga aja, monga mabuleki a njinga potsetsereka. Phenobarbitone, yemwe anayamba kugwiritsidwa ntchito pa khunyu mu 1912 ku Germany, amawonjezera mphamvu ya GABA, michere ya muubongo yomwe imakhazika maselo pansi. Carbamazepine ndi phenytoin amatseka timipata tolowera mchere wa sodium m'maselo kuti asamatumize mauthenga motsatizana kwambiri. Sodium valproate amagwira ntchito m'njira zingapo nthawi imodzi.

Vuto ndi loti mankhwalawa sasankha malo. Amafika paliponse muubongo, ngakhale mbali zomwe timagwiritsa ntchito potchera khutu, kuloweza ndi kuwerengera masamu. N'chifukwa chake ena amamva tulo, chizungulire, kapena amaiwalaiwala. Phenobarbitone ndiye amadziwika kwambiri ndi zimenezi, ndipo ana ena amawachititsa kukhala osakhazikika ndi okwiya msanga. Zovutazi zimakula mlingo ukachuluka kapena mitundu ingapo ikaphatikizidwa. Nthawi zambiri zimachepa pakapita masabata angapo thupi likazolowera.

Komabe khunyu losathandizidwa nalonso limasokoneza kuganiza. Munthu akagwa amatha kukhala wozunguzika kwa maola ambiri, ndipo kugwa pafupipafupi kumamujombetsa kusukulu. Palinso ngozi yogwera pamoto pophika kapena kumira pochapa mumtsinje wa Domasi. Kusiya mankhwala mwadzidzidzi kungayambitse kukomoka kosalekeza, ndipo kukomoka kukapitirira mphindi 5 wodwala ayenera kuthamangira naye kuchipatala chifukwa moyo uli pachiswe.

Choncho mankhwala akamakulemerani, bwererani kwa achipatala. Kaya ndi ku Domasi Rural Hospital, Zomba Central kapena Zomba Mental Hospital, afotokozereni zomwe mukuona. Angathe kuchepetsa mlingo, kusintha mtundu, kapena kukuuzani kuti muzimwa pogona kuti tulo lisakupezeni m'kalasi. Lembani m'kope masiku omwe mwagwa ndi momwe mukumvera, popeza izi zimawathandiza kuganiza bwino. Wophunzira wodwala khunyu asachezere usiku wonse powerengera mayeso, chifukwa kusagona kumadzutsa matendawa.

Alongo athu adziwe kuti sodium valproate angavulaze mwana ali m'mimba, pa kapangidwe ka msana komanso nzeru zake akadzakula. Phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin amafooketsa mapiritsi akulera ndi njira yoika pamkono, ndiponso amachepetsa mphamvu ya ma ARV ena. Zonsezi ndi zofunika kukambirana ndi dokotala musanatenge pakati kapena kuyamba mankhwala ena.

Nanga ife a mumpingo? Marko 9 amatiuza za mnyamata yemwe ankagwera pamoto ndi m'madzi, ndipo Yesu anamuchitira chifundo pamodzi ndi bambo ake. Ifenso tipemphere ndi odwala athu, koma tisawauze kuti kumwa mankhwala ndi kuchepa chikhulupiriro. Mpingo womwe unamanga chipatala cha Malamulo ku Thyolo umadziwa kuti pemphero ndi chithandizo cha kuchipatala zimayendera limodzi. Pa nthawi ya kusala kudya, misasa kapena maulendo a Pathfinder, mbale wathu asadumphitse mankhwala ngakhale tsiku limodzi. Akagwa, mugonekeni cham'mbali, chotsani zomwe zingamuvulaze, ndipo musaike kanthu mkamwa mwake.

Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo 7 mwa 10 alionse angathe kusiya kugwa atalandira chithandizo choyenera. Mnzanu wa m'kalasi akamachedwa kuyankha, mudikireni pang'ono, mumubwereke manotsi, ndipo tsiku lokatenga mankhwala likafika, muperekezeni.