Mlendo wa kope ndi cholembera

M'chaka cha 1956 mayi wina wa ku America, wazaka 39, anatsetsereka mapiri kulowa m'chigwa cha Gwembe, kumene mtsinje wa Zambezi umalekanitsa Zambia ndi Zimbabwe. Sanali mmishonale, sanali namwino, komanso sanali mtsamunda wa ku boma, ngakhale kuti munthu womuona atagwira kope ndi cholembera akanatha kuganiza kuti wabwera kudzalemba mayina a okhoma msonkho. Dzina lake linali Elizabeth Colson, ndipo chimene anadzera chinali kudzakhala pakati pa Atonga a m'chigwamo, kuona mmene amalimira, mmene amakwatirana, mmene amaweruzira milandu ndi mmene amalirira maliro. Madzi a damu la Kariba anali pafupi kumiza midzi yawo, ndiye panafunika munthu woti alembe moyo wawo usanasokonezeke.

Ntchito imeneyi pachingerezi amaitcha anthropology. Ife tingoti ndi kufufuza za chikhalidwe cha anthu. Ambiri akamva choncho amaganiza za munthu wojambula magule ndi kutolera zigoba zoika m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Zimenezo zilipo, koma ndi nthambi chabe. Tsinde lake ndi kukhala ndi anthu nthawi yaitali, chaka chathunthu kapena kupitirira, kufikira ataleka kukuyalira mphasa yatsopano ndi kukuphera nkhuku. Amene anakhazikitsa kachitidwe kameneka ndi Bronislaw Malinowski, wa ku Poland, yemwe anakhala pa zilumba za Trobriand m'zaka za nkhondo yoyamba ya dziko lonse n'kutulutsa buku lake lotchuka mu 1922. Iye asanatero, akatswiri ambiri ankalemba za mitundu ya anthu ali phee m'maofesi awo ku Ulaya, akudalira makalata a amishonale ndi amalonda.

Tsiku la wofufuza wotere silioneka ngati la munthu amene ali pantchito. Mmawa amalondola amayi kudimba, kufunsa kuti munda uwu ngwa yani, anaupeza bwanji, asanaulime iwo ankaulima ndani. Masana akhala pabwalo pamene pali mlandu wa mbuzi yodya mbewu za mwini, osayankhula kanthu, kungoona amene wayamba kulankhula, amene wakhala pafupi ndi amfumu, amene anthu akumuseka akatsegula pakamwa. Kenako amakhala ndi agogo pakhonde kulemba mzere wa banja. Papepalapo mwamuna amamulemba ndi kachizindikiro ka nsonga zitatu, mkazi ndi kozungulira, ndipo timizere tiwiri togona pakati pawo timasonyeza ukwati. Agogo akati uyu ndi mchemwali wanga, wofufuza safulumira kulemba. Amafunsa kaye ngati anabadwa bere limodzi kapena amayi awo ndiwo anali pachibale, chifukwa kwa ife onsewo ndi achemwali, koma pa nkhani ya munda ndi ufumu kusiyanako kumadzaonekera. Pepala limodzi limatha, n'kumata lina m'mbali, mpaka mudzi wonse utakwanira. Usiku, anthu atagona, iye amayatsa nyali n'kulemba mwadongosolo zonse zimene waona, chifukwa zosalembedwa tsiku lomwelo mawa zimakhala zitasakanikirana m'mutu. M'masiku a mayi Colson ankalemba pa taipi, ataika kaboni kuti tsamba lina lisungidwe padera, poopa moto, mvula ndi chiswe.

Chiyankhulo ndiye khomo. Wodalira womasulira yekha amamva zimene anthu akufuna kuti amve. Zenizeni zimatuluka pamiseche ya pachitsime, pa nthabwala za asuweni, pa mawu amene mayi amaponyera mkamwini wake mokuluwika. Safunsa anadya phula, koma wofunsa mopupuluma nayenso amapatsidwa yankho loti achoke msanga.

Mayi Colson anabadwa mu 1917 m'tauni yaing'ono ya Hewitt, m'dera la Minnesota. Anaphunzira pa yunivesite ya Minnesota, kenako pa Radcliffe College, pamene analandira digiri ya udokotala mu 1945 atafufuza za Amakah, eni nthaka a kugombe la kumadzulo kwa America. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri anagwirako ntchito yofufuza pa msasa wa Poston ku Arizona, kumene boma la America linatsekera anthu ochokera ku mabanja a ku Japan. Kumeneko n'kumene anayamba kuona ndi maso mmene munthu amakhalira akamuchotsa pakhomo pake iye asakufuna. Mu 1946 anafika ku Northern Rhodesia kudzagwira ntchito ku Rhodes-Livingstone Institute, nayamba ndi Atonga a kumtunda, cha ku Mazabuka ndi Monze.

Bungwe limeneli linakhazikitsidwa mu 1937, ndipo ife a kuno likutikhudza mwachindunji. Mtsogoleri wake woyamba anali Godfrey Wilson, wotsatira anali Max Gluckman, ndipo Gluckman atachoka mu 1947 mayi Colson ndiwo analiyendetsa mpaka 1951. Anzawo a m'gulu limenelo anamwazikana m'midzi yathu. Clyde Mitchell anakhala pakati pa Ayao kum'mwera kwa Nyasaland, ndipo buku lake la 1956, The Yao Village, limalongosola mmene mbumba imakhalira pansi pa mlongo wawo wamwamuna, ndi mmene mudzi umagawikira pakati abale akayamba kukanganirana mbumbayo. John Barnes anali pakati pa Angoni a Mpezeni ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Max Marwick anakhala ndi Achewa a kum'mawa kwa Zambia akusonkhanitsa milandu ya ufiti, ndipo anapeza chinthu chimene wokulira kumudzi aliyense amachidziwa mumtima: amene amalozedwa chala kawirikawiri sakhala mlendo koma wachibale wa kuchikazi, amene mumalimbirana naye munda, ng'ombe kapena mpando. Iwo asanabwere, Margaret Read anali atakhalapo kale ndi Angoni a ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1930.

Pachikuto pa mabuku amenewa pali dzina limodzi, koma ntchito inagwiridwa ndi manja ambiri. Panali anyamata a sukulu za mishoni amene ankamasulira, kuwerenga anthu khomo ndi khomo, kuyeza minda, ndi kulangiza mzunguyo kuti funso ili musalifunse pagulu. Ena ankalemba okha malipoti a zochitika m'mudzi bwana wawo ali kutali. Victor Turner, amene anafufuza za Andembu ku Mwinilunga, analemba nkhani yonse yofotokoza za Muchona, mkulu wodziwa mankhwala ndi miyambo yemwe anamutsegula maso pa tanthauzo la zizindikiro za pa miyambo yawo. M. B. Lukhero, amene anathandiza Barnes, pambuyo pake analemba yekha za mwambo wa Nc'wala. Koma ambiri mayina awo anangothera m'mawu othokoza a patsamba loyamba. Lyn Schumaker, m'buku lake la 2001, Africanizing Anthropology, anasonyeza kuti anthu amenewa anali eni ntchito nawonso. Ine ndikamawerenga mabuku akalewa ndimamva mawu awo kuseri kwa chingerezi, ndipo zimandipweteka kuti kwa ambiri a iwo khomo la yunivesite linali lotseka.

Tibwerere ku Gwembe. Damu la Kariba linali ntchito yaikulu ya boma la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo pakati pa amene ananyamula simenti pakhomalo panalinso amuna ochokera ku Nyasaland. Khomalo linatsekedwa kumapeto kwa 1958, madzi n'kuyamba kukwera. Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anasamutsidwa. Mu Seputembala 1958 anthu a mfumu Chipepo amene ankakana kuchoka anakumana ndi apolisi, ndipo asanu ndi atatu anawomberedwa n'kufa. Ena anawakweza malole kupita nawo ku Lusitu, kumunsi kwa damu, dziko la eni ake ena, la nthaka yosalimba, kumene ana ambiri anamwalira m'miyezi yoyambirira. Manyuzipepala a kunja anadzaza ndi zithunzi za Operation Noah, ntchito yopulumutsa nyama zakutchire zimene zinatsekeredwa pa tizilumba. Za anthu sizinamveke kwambiri.

Pa ulendo wa 1956 uja, mayi Colson sanali okha. Anali ndi mnyamata wina wophunzira, Thayer Scudder, amene ankayang'ana kwambiri za nthaka, mbewu, nsomba ndi zomera. Awiriwa anasankha midzi inayi, Mazulu, Musulumba, Sinafala ndi Siameja, nalemba munthu aliyense wa m'midziyo. Mu 1962 anabwerera kukaona amene ali moyo, amene anamwalira, amene banja linatha, amene anapita kutauni. Zimene anapeza zili m'buku la mayi Colson la 1971, The Social Consequences of Resettlement, ndipo sizili m'chiwerengero cha matumba a chimanga okha. M'mphepete mwa Zambezi anthu ankakolola kawiri pachaka, chifukwa madzi osefukira ankasiya dothi lachonde. Kumtunda anatsala ndi mvula yokha yodalira. Kale amayi anali ndi minda yawoyawo yolandira kwa makolo, koma kumalo atsopano mwamuna amene wagwetsa mitengo ndiye ankati munda ngwake, motero amayi ambiri anasanduka olima m'munda wa amuna awo. Manda a makolo ndi malo opempherera mvula anatsala pansi pa madzi. Mafumu amene anavomera za kusamuka anthu anasiya kuwakhulupirira, ndipo abale anayamba kukangana pa ndalama za chipukutamisozi. Magetsi a damulo anapita ku migodi ya kopa ndi kumatauni, midzi ya osamutsidwawo n'kutsala mumdima kwa zaka zambirimbiri.

Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Apa m'pamene mayi Colson anasiyana ndi ofufuza ambiri, amene amakhala chaka chimodzi, kulemba buku, osadzapondanso pamudzipo. Iwo ndi Scudder ankabwerera ndithu, zaka makumi angapo, akutsata mabanja omwewo: mwana amene anamulemba ali kumbuyo kwa amake anadzamulembanso ali ndi zidzukulu. Kubwereza kotero kunaonetsa zinthu zimene ulendo umodzi sungaonetse. Anaona zaka zabwino za usodzi panyanja yatsopanoyo, kenako mavuto a zachuma mtengo wa kopa utagwa m'zaka za m'ma 1970, nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe imene inasiya mabomba okwirira m'misewu ya Gwembe, chilala, ndi edzi. Analemba za ana oyamba kupita ku sekondale ndi mmene anatalikirana ndi abale awo. Analembanso, mu 1988, buku lonse lonena za mowa, mmene unasinthira kuchoka pa chinthu chothirira nsembe ndi kuthokozera olimitsa munda kufika pa malonda a tsiku ndi tsiku. Aliyense wokumbukira mowa wa dima kwathu kuno angaone kuti nkhaniyo si ya Atonga okha. Scudder pambuyo pake anakhala mmodzi wa makomishonala a World Commission on Dams, yomwe inatulutsa lipoti lake mu 2000, ndipo ofufuza achinyamata monga Lisa Cliggett anapitiriza ntchito ya ku Gwembe.

Theka lina la moyo wa katswiri wotere lili m'kalasi. Mayi Colson anaphunzitsa ku Manchester, ku Boston, ku Brandeis, ndipo kuyambira 1964 mpaka kupuma pantchito mu 1984 anali pa yunivesite ya California ku Berkeley, m'nthawi imene amayi ofika pa udindo wa pulofesa anali owerengeka. Mu 1977 anasankhidwa kulowa mu National Academy of Sciences. Njira yofikira kumeneko ndi yaitali ngakhale lero: digiri yoyamba, yachiwiri, kenako yaudokotala, yomwe siibwera popanda kukakhala pakati pa anthu. Ukalembedwa ntchito pali kuphunzitsa, kuchonga mayeso, kuyang'anira ophunzira amene akulemba kafukufuku wawo, kulemba makalata opempha ndalama, ndi kutumiza zolemba zako ku magazini a akatswiri kumene anzako osawadziwa amazisefa n'kuzibweza kuti ukonze. Ambiri amene ali ndi madigiri onse amangoyendera makontirakiti a chaka chimodzi.

Ntchitoyi ili ndi chipsera chake, ndipo n'kulakwa kuchibisa. Inakulira m'manja mwa atsamunda, amene ankafuna kudziwa anthu kuti awalamulire bwino. Mu 1971 akatswiri awiri a ku South Africa anadzudzula poyera: Archie Mafeje anatsutsa chizolowezi choona Mwafirika aliyense ngati wa fuko lakuti basi, ndipo Bernard Magubane anatsutsa mmene Mitchell ndi anzake analembera za anthu a m'matauni a migodi. Madandaulo amenewo anali ndi maziko. Komabe Afirika sanadikire kuti alembedwe ndi ena. Jomo Kenyatta anaphunzira kwa Malinowski ku London natulutsa Facing Mount Kenya mu 1938, ndipo kwathu kuno Samuel Josia Ntara anayenda kwa akuluakulu n'kulemba Mbiri ya Achewa m'chiyankhulo chathu chomwe.

Lero ofufuza za chikhalidwe sapezeka kumidzi kokha. Ali m'zipatala, m'misika, m'misasa ya othawa kwawo. Pa mliri wa Ebola wa 2014 kumadzulo kwa Africa, ena a iwo anathandiza azaumoyo kumvetsa chifukwa chimene mabanja ankakanira kupereka mitembo, ndi kupeza njira yoika maliro mosafalitsa matenda koma mosanyoza womwalirayo. Harri Englund wa ku Cambridge, amene amayankhula Chichewa, anakhala ku Dedza ndi ku Chinsapo mu Lilongwe, nalemba buku lonena za pulogalamu ya pa wayilesi ya Nkhani za m'maboma, kusonyeza kuti nkhani zimene ophunzira ena amazinyoza ndi bwalo limene osauka amadzudzulirapo olemera ndi audindo. Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Netherlands, anathera zaka zambiri pa nkhani ya Mbona wa ku Khulubvi ku Nsanje, naphunzitsanso pa yunivesite ya Malawi. Wofufuza wa lero amafunika chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku asavulaze anthu, amayamba wakaonekera kwa amfumu, ndipo mayina a omuuza zakukhosi amawabisa. Kaboni uja walowedwa m'malo ndi foni yojambula mawu ndi kompyuta, koma ola limodzi la macheza ojambulidwa limadyabe maola angapo polilemba liwu ndi liwu.

Rhodes-Livingstone Institute inalowa m'manja mwa yunivesite ya Zambia, ndipo lero imatchedwa Institute of Economic and Social Research. Mayi Colson atakalamba anachoka ku California n'kukakhazikika pafupi ndi Monze, m'dziko la Atonga amene anayamba kuwalemba ali mtsikana wazaka 29. Ankalembabe ndi kulandira alendo, ena mwa iwo zidzukulu za anthu a m'makope awo oyambirira. Anamwalira kunyumba kwawo komweko pa 3 Ogasiti 2016, ali ndi zaka 99.