Katapila wa ku Brakpan: kodi 30 peresenti ndi ndalama zingati?

Ku Tsakane, komboni ya kufupi ndi tawuni ya Brakpan m'dera la Ekurhuleni ku South Africa, wokongoza ndalama za katapila amatchedwa mashonisa. Amalawi ogwira maganyu kumeneko, makamaka opanda mapepala otsegulira akaunti kubanki, amathamangira kwa iye lendi ikavuta kapena kumudzi kukagwa zovuta.

Mashonisa akanena kuti chiwongoladzanja ndi 30 peresenti, mawuwo amamveka opepuka. Koma peresenti imatanthauza "pa 100 iliyonse", ndipo kuwerengetsa kwake sikulira kakyuleta. Pa R1,000, kungochotsa ziro mmodzi kumapereka 10 peresenti, yomwe ndi R100. Kuchulukitsa katatu, yankho ndi R300.

Msampha uli pa funso lomwe wokongola, poti wapanikizika, safunsa: R300 imeneyo ndi ya pachaka kapena ya pamwezi? Katapila amawerengera pamwezi. Munthu wongobweza chiwongoladzanja chokha kwa miyezi inayi amakhala atapereka R1,200, pomwe ngongole ya R1,000 ija ili chikhalire.

Malamulo a dzikolo salola zimenezi. Pansi pa National Credit Act ya 2005, kuyambira mu 2016 chiwongoladzanja cha ngongole yoyamba ya nthawi yochepa, yosaposa R8,000, sichiyenera kupitirira 5 peresenti pamwezi, kupatula ndalama zolembetsera ngongoleyo. Pa R1,000, imeneyo ndi R50 basi. Lamulo lomweli limaletsanso wokongoza kusunga chitupa kapena khadi la kubanki la munthu ngati chikole.