Kodi Nkoyenera Kufunsa Munthu Mtundu Wace?

Mwa mafunso amene ana amafunsa m'kalasi, alipo ena odzidzimutsa mphunzitsi watsopano koposa a masamu. Mwana aimika dzanja nati, "Aphunzitsi, bwanji Azungu ali oyera pamene ife tiri akuda?" Wina atembenukira mnzace wobwera kumene namfunsa, "Iwe ndiwe mtundu wanji?" Aphunzitsi ambiri amangoti, "Khala cete, zimenezo safunsa." Tiyeni tione ngati kuletsa kotereku kuli ndi maziko m'cinenero ndi m'mwambo wathu.

Liu lakuti mtundu lisenza katundu wambiri. Timati mtundu wa nsalu ponena za kufiira kapena kubiriwira kwace. Mtundu wa cimanga ponena za mbeu. Mtundu wa Ayao kapena wa Atumbuka. Ndiponso mtundu wa Amalawi ponena za tonse pamodzi. Mwana wa zaka 7 akafunsa za mtundu wa munthu, afunsa monga afunsira za nsalu: waona kusiyana, ndipo afuna kudziwa. Njiru amaiphunzira pambuyo pace, ndipo nthawi zina amaiphunzira pa nkhope ya mphunzitsi amene wakwinya tsinya pakumva funsolo, pakuti mwana amayesa kuti cinthu cosafunsika ndi cocititsa manyazi.

Makolo athu sanaliope funsoli. Mlendo akafika pamudzi amamyalira mphasa, nampatsa madzi, ndipo pocita malonje amamfunsa kumene acokera ndi mfunda wace. Akati, "Ndine Phiri," mwina mwini nyumba aomba m'manja nati, "Amai anga ndi a Naphiri, tsono muli kwanu kuno." Angoni naonso amafunsa ciongo, kuti adziwe ngati munthuyo ndi Jere kapena Maseko, pakuti ungamthokoze bwanji munthu ndi ciongo cace usanacimve? Mnyamata wofuna banja amayamba wadziwa mfunda wa namwali, kuopa kufunsira mlongo wace. Paja akulu anati safunsa anadya phula. Koma taonani kafunsidwe kace. Mlendo safunsidwa ali ciriri pakhomo, fumbi liri kumapazi, amayamba wakhala. Wofunsa naye amachula mfunda wace, kotero kuti palibe woulula zace yekha mnzace atabisa. Ndipo yankho liri lonse limampezera mlendoyo malo: akapanda kukhala mbale akhala msuwani, akapanda kukhala msuwani akhala wa kucikwati.

Tsono mau omwewo akhoza kulasa ngati mubvi. Alomwe anayamba kulowa m'dziko muno ambirimbiri kucokera ku Mozambique ca m'ma 1890, nagwira nchito m'minda ya Azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo. Anthu anawacha Anguru, dzina limene eni ace analimva ngati citonzo. M'caka ca 1943 Lewis Bandawe anayambitsa bungwe la Alomwe, ndipo cina mwa zimene anapempha Boma ndico kuti dzina lija lileke kulembedwa. Mwana wa Cilomwe wa masiku amenewo akafunsidwa mtundu, ankadziwiratu kuti pambuyo pa yankho pakubwera phwete. Ambiri analeka kulankhula Cilomwe pagulu, ndipo adzukulu ao ambiri anakula osacidziwa.

Nkhani ina ikhudza nchito yathu yomwe ino. M'caka ca 1989 Dr. Kamuzu Banda analamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwao, powanenera a Kumpoto kuti saphunzitsa bwino ana a Pakati ndi a Kumwera. Pamenepo funso lakuti "Kwanu nkuti?" linasanduka kalata yosamutsa munthu, ngakhale amene anakwatira ndi kubereka ana kumene ankaphunzitsako. Ku Rwanda zinafika poopsa. Boma la Belgium linalemba mtundu wa munthu pa citupa cace m'zaka za m'ma 1930, ndipo mu 1994 akupha anawerenga zitupazo pa misewu kuti adziwe Mtutsi. Opulumuka ambiri anasimba kuti ali ana, aphunzitsi ankawaimiritsa m'kalasi monga mwa mitundu yao.

M'zitsanzo zonsezi wofunsa ndiye anali ndi mphamvu, wofunsidwa sakanatha kubweza funso kapena kukana kuyankha, ndipo yankho linali la kusankhira anthu. Mphunzitsi asaiwale kuti pamaso pa ana iye ndiye wamphamvuyo. Cifukwa cace ine ndiyesa kuti funso la mwana liyenera kuyankhidwa, koma la mphunzitsi liyenera kuyamba lapimidwa. Kuimiritsa mwana pakati pa anzace 80 ndi kuti, "Tatiuza, kwanu mumadya ciani?" si malonje ai, ngakhale mtima wa wofunsa ukhale woyera.

Funso la khungu lija liri ndi yankho losabvuta. M'khungu la munthu ali yense muli utoto wochedwa melanini, umene uchinjiriza thupi ku ukali wa dzuwa. Anthu onse anacokera mu Africa muno. Amene makolo ao anakhala zaka zikwi zambiri ku maiko a dzuwa lofooka, utotowo unacepa, pakuti kumeneko khungu loyera lithandiza thupi kupanga vitamini D. Mwana wacialubino si Mzungu; ndi mwana wa makolo ace omwewo, koma thupi lace silipanga utoto wokwanira, ncifukwa cace afunika cipewa, mthunzi ndi mpando wa kutsogolo kuti aone bwino pa bolodi. Muwauzenso kuti magulu a mwazi, A, B, AB ndi O, sasankha khungu, kotero kuti mwazi wa Msena ungapulumutse Mmwenye m'cipatala.

Cobvutirapo ndi funso la mwana kwa mnzace. Tinene kuti m'kalasi mwafika mwana amene makolo ace anacokera ku Congo kapena ku Burundi, monga aja a ku Dzaleka m'boma la Dowa, ndipo wina wamfunsa mtundu ana onse ali cheru. Musamkalipire wofunsayo, ndiponso musamkakamize wofunsidwa. Mukumbutse wofunsa mwambo wa malonje, kuti ayambe iye kunena dzina lace, mfunda ndi mudzi wa kwao. Inunso nenani zanu. Ana ena atatu kapena anai akanena zao, kudzamveka kuti wina mai wace ndi Myao ndi bambo wace Mngoni, wina agogo ace anabadwira ku Harare, ndipo wina sadziwa konse mfunda wace, ayenera kukafunsa kunyumba. Mlendo uja akafuna kulankhula adzalankhula tsiku lomwelo. Akakhala cete, pitirizani phunziro.