ZOKONGOLETSA KEKE: ZODYEDWA NDI ZOSADYEDWA

Nkhani yathu ya lero ndi ya keke, koma si ya ufa ndi mazira ai. Tikamba za tinthu tonyezimira tija amawaza pamwamba pace pa tsiku la ukwati, kapena pokumbukira kubadwa kwa mwana.

M'caka ca 2018, m'cigawo ca Rhode Island ku America, ana 6 anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba atadya keke paphwando. Akuru a za umoyo analondola keke ija kufikira kumene inaphikidwa, napeza kuti wophika anaipaka pfumbi lonyezimira ngati golidi wofiirira. Pfumbi limenelo linali mkuwa wopera. Caka cotsatira, ku Missouri, mwana wa caka cimodzi anapezeka ndi mtobvu wambiri m'mwazi. Poyesa pfumbi limene anakongoletsera keke yace kunyumba, anaona kuti gawo limodzi mwa magawo 4 linali mtobvu wokha-wokha. Mkuwa uli ndi ubwino umodzi, kuti umadziulula msanga ndi masanzi. Mtobvu ndiwo woipitsitsa, pakuti umalowa mwakacetecete, nuononga bongo wa mwana makolo osadziwa kanthu.

Tsono munthu angadziwe bwanji? Bvuto lagona pa mau olembedwa pakabotolo, amene kawiri-kawiri ali m'Cingerezi. Liu lakuti “edible” litanthauza kuti cinthuco ncodyedwa. Koma “non-toxic” lingonena kuti mulibe ululu, ndipo ambiri amapusitsidwa pamenepa. Coko ca kusukulu naconso cilibe ululu, koma ndani angacipatse mlendo pambale? Ndiponso pfumbi lija la ku Rhode Island linalembedwa liu lomweli, ana nkudwala ndithu.

Bungwe la boma loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, la FDA, lanena poyera kuti cokongoletsa codyedwa ciyenera kukhala ndi mndandanda wa zonse zimene anacipangira. Kawiri-kawiri mudzawerengapo suga, ufa wosalala wa cimanga, utomoni wa mtengo wa mtundu wa mthethe, ndi utoto wobvomerezedwa m'zakudya. Ngati mndandanda palibe, cinthuco cisakhudze cakudya.

Maiko sagwirizana pa zonse. Taonani timikanda ta suga tokutidwa ndi siliva, tomwe amai amakonda kuyala m'mbali mwa keke ya ukwati. Ku Ulaya siliva ngwololedwa pokutira maswiti, ndipo nambala yace ndi E174; ya golidi ndi E175. Ku America lamulo la 1906 linaletsa zitsulo m'maswiti, kotero timikandato amatigulitsa atalemba kuti ntokongoletsa cabe. Ku California ogulitsa ambiri analeka kutigulitsa m'caka ca 2003 atasumiridwa kubwalo la milandu. Kumeza kamodzi kapena tiwiri sikugwetsa munthu, koma siliva wambiri akaunjikana m'thupi amasandutsa khungu kukhala lotuwa mobiriwira, ndipo silibwereranso. Komanso utoto woyera wa E171, umene a ku Ulaya anauletsa m'zakudya m'caka ca 2022, ku America ngwololedwabe.

Mukaitanitsa keke kwa wophika, musacite manyazi kumpempha akuonetseni kabotolo ka zimene wawazapo. Wophika wodziwa nchito yace sakwiya nazo. Maluwa a pulasitiki, tizidole ndi mawaya ogwiriziza maluwa a suga, zonsezi zicotseni mpeni usanalowe, ndipo pamene panagwera pfumbi lokaikitsa mupalepo ana asanalandire.