Ukazitape wa boma pamene akuluakulu akulimbirana mpando

Achinyamata amene amaliza sukulu ali ndi nkhani ina imene amaikamba motsitsa mawu akamadandaula za kusowa kwa ntchito. Akuti munthu ukangolowa ku nthambi ya zaukazitape ya boma, basi wafika. Palibe angakukhudze, wapolisi wapamsewu sakufunsa laisensi, ndipo zochitika ku Nyumba ya Boma umazimva zisanatuluke pa wailesi. Ena amawonjezera kuti nthawi yabwino yolowera ndi pamene akuluakulu a chipani cholamula ayamba kuyang'anana ndi diso lofiira pa nkhani ya wodzalowa m'malo mwa mtsogoleri, chifukwa pamenepo aliyense amafuna maso ndi makutu, ndipo amene wasankha bwino mbali amakwera msanga.

Oganiza chotere sitingawaseke. Amene anakula nthawi ya Kamuzu amakumbukira kuti mlendo wovala bwino akalowa m'bala, nkhani inkasintha n'kukhala ya mpira kapena ya mvula. Special Branch ya apolisi inali ndi anthu ake, a Payoniya analinso ndi awo, ndipo lamulo linkalola kutsekera munthu osamuzenga mlandu. Mantha a makolo aja ndi amene anafika kwa ana atasanduka kusirira.

Koma mbiri ya nthawi yomweyo ili ndi dzina la Focus Gwede. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Gwede ndiye ankatsogolera Special Branch, ndipo ankagwira ntchito dzanja limodzi ndi Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa chipani cha MCP. Panthawi yawo anthu ambiri ophunzira, ogwira ntchito m'boma ndi aphunzitsi a ku yunivesite anatsekeredwa, ambiri ku Mikuyu, kufupi ndi Zomba. Kupatula Kamuzu mwini, panalibe anthu oopedwa kuposa awiriwa. Mu 1976 onse anamangidwa pa mlandu wofuna kulanda boma. Anazengedwa m'khoti la mafumu, momwe woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, ndipo onse anaweruzidwa kuti aphedwe. Muwalo ananyongedwa mu 1977. Chilango cha Gwede anachisintha kuti akhale m'ndende moyo wake wonse, ndipo anakhaladi m'menemo zaka zambiri, mpaka mphepo ya zipani zambiri itayamba kuomba. Malamulo amene ankagwiritsa ntchito pa anzake sanasinthe ngakhale chilembo chimodzi pamene anatembenukira iye. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Ndiye zoti kazitape sakhudzidwa zili ndi choona chake chochepa: sakhudzidwa malinga ngati amene akumuteteza akadali pampando. Ndipo nyengo yolimbirana mpando ndi nyengo yomwe palibe amene akudziwa kuti mawa pakhala ndani.

Chikhulupiriro china n'chakuti akazitape amadziwa zonse. Mafilimu ndi amene anatilowetsa zimenezi m'mutu, pamodzi ndi magalimoto othamanga ndi mfuti zobisa m'jekete. Ntchito yeniyeni, kulikonse padziko, yambiri ndi ya pa desiki: kuwerenga, kumvetsera, kufananitsa zimene wanena uyu ndi zimene wanena uja, kufufuza mbiri ya munthu amene akufuna kupatsidwa udindo, kenako kulemba lipoti lalifupi loti bwana aliwerenge m'mawa. Wodziwa zilankhulo zingapo, wodziwa kutsata ndalama m'mabuku a akaunti, kapena wodziwa makompyuta, amafunika kwambiri kuposa wodziwa nkhonya. Ndipo aliyense amangopatsidwa kachigawo kake. Mnzako wa ofesi yoyandikana nayo sudziwa chimene akulemba.

Apa pali chinthu chimene anthu ambiri sachiganizira. Akuluakulu akayamba kulimbana, nkhani zofika pa desiki paja zimachuluka, koma zoona zimachepa. Aliyense amene ali ndi mdani amapeza njira yotumizira mphekesera zake. Sam Mpasu, amene pambuyo pake anadzakhala nduna ndiponso sipikala wa Nyumba ya Malamulo, anamangidwa mu 1975 chifukwa cha buku lake la nthano lotchedwa Nobody's Friend, poti ena anawerengamo chiwembu. Anakhala m'ndende zaka ziwiri popanda mlandu. Nthambi imene ikuthera mphamvu zake pa nthano ndiye kuti ikusaka zokondweretsa bwana, osati zoona. Wachinyamata wolowa kumene amakumana ndi yesero limeneli msanga: alembe zimene wapeza, kapena zimene akudziwa kuti zikufunika kumwamba? Lipoti lonena kuti "nduna ija ilibe chiwembu chilichonse" silikweza munthu pantchito, ngakhale kuti nthawi zambiri ndilo lolondola.

Nanga zoti munthu wamng'ono alibe mlandu, poti amangotsata zimene wauzidwa? Nkhani ya ku Mwanza ndiyo imayankha. Mu May 1983, kukumveka manong'onong'o a amene angagwirizire mpando ngati Kamuzu atapuma, nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anapezeka atafa pa msewu wa ku Thambani. Boma linati inali ngozi ya galimoto. Patapita zaka 11, boma litasintha, bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi jaji Harry Mtegha linapeza kuti anaphedwa ndi apolisi. Pa mlandu wa mu 1995, Kamuzu ndi John Tembo khoti linawapeza osalakwa. Mac Kamwana, amene anali mkulu wa apolisi mu 1983 ndipo umboni unkaloza kwa iye kuti ndiye anapereka lamulo kwa anyamata ake, anali atamwalira kale. Amene anaima pamaso pa dziko lonse n'kufotokoza zimene manja awo anachita usiku umenewo anali apolisi omwe anatumidwa aja. Malamulo oterewa salembedwa papepala. Wotuma akhoza kukana, akhoza kumwalira; wotumidwa amatsala ndi dzina lake m'buku la khoti, ndipo ana ake amaliwerenga.

A Payoniya nawo ankadziona ngati ana okondedwa a boma. Mu December 1993 asilikali anagumula misasa yawo pa Operation Bwezani, ndipo ambiri anathawira ku Mozambique, kusiya mabanja.

Tsono pa nkhani yosankha bwino mbali ija. Anthu amaikamba ngati masamu oti wanzeru akhoza kuwapeza, koma taonani zimene zinachitika m'masiku atatu okha mu April 2012. Mtsogoleri wa dziko, Bingu wa Mutharika, anamwalira pa 5. Usiku wa pa 6, nduna zingapo zinaonekera pa MBC n'kunena kuti wachiwiri kwa mtsogoleri, Joyce Banda, sangalowe m'malo, poti anali atachotsedwa mu DPP n'kuyambitsa chipani chake. Pa 7 Joyce Banda analumbira kukhala mtsogoleri, monga mmene gawo 83 la malamulo aakulu a dziko limanenera, asilikali motsogozedwa ndi General Henry Odillo atakana kupatuka pa lamulolo. Mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, anachotsedwa patangopita masiku ochepa. Mu March 2013 Peter Mutharika ndi ena anamangidwa pa mlandu woukira boma. Mu 2014 Mutharika yemweyo anapambana chisankho, milandu ija inatha, ndipo Odillo anachotsedwa pa udindo wake. Munthu amene anasankha mbali pa 5 April akanayenera kusankhanso pa 7, n'kusankhanso mu 2014. Anzathu a ku Zimbabwe anaona zofanana: Happyton Bonyongwe, amene anatsogolera nthambi yawo ya zaukazitape ya CIO zaka zambiri, Robert Mugabe anamukweza kukhala nduna ya zachilungamo mu October 2017, mkangano wa Emmerson Mnangagwa ndi gulu la Grace Mugabe uli pachimake. Mwezi wotsatira asilikali anatulutsa akasinja mu Harare, Mugabe anatula pansi udindo pa 21 November, ndipo unduna uja unathera pomwepo.

Nkhani ya Odillo ikutikumbutsa kuti tisanamizane: kutsata lamulo sikutsimikiza kuti munthu asunga mpando wake. Chimene kumachita n'chakuti pa zimene anachita m'masiku atatu aja, palibe bungwe lofufuza limene linamupeza ndi choti abise. Kwa ine kusiyana kumeneku n'kwakukulu, ngakhale kuti sikuoneka pa malipiro a mwezi.

Palinso chikhulupiriro chotsutsana ndi zonsezi, chimene makolo ambiri ali nacho: chakuti ntchitoyi ndi ya anthu oipa mtima, mwana woleredwa bwino asayandikireko. Nachonso chikupyola malire. Dziko lililonse limafunika anthu odziwa zimene zikulowa ndi kutuluka m'malire ake. Kumpoto kwa Mozambique, ku Cabo Delgado, zigawenga zakhala zikupha anthu kuyambira 2017. Mu October 2022 mitembo ya anthu ochokera ku Ethiopia inapezeka itakwiriridwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, umboni wakuti ozembetsa anthu ali ndi njira zawo m'dziko muno. Zimenezi sizidikira kuti chipani chimalize kusankha mtsogoleri wake. Ndipo lero nthambiyi, imene kale inkatchedwa National Intelligence Bureau, ili ndi lamulo lake lochokera ku Nyumba ya Malamulo ndipo dzina lake ndi National Intelligence Service. Kukhala ndi lamulo sikutanthauza kuti andale asiya kuyesa kuigwiritsa ntchito ngati yawo, koma wantchito ali ndi pepala loti aloze akauzidwa kuti akazonde msonkhano wa nduna imene yayambana ndi bwana. Anthu oleredwa bwino akaithawa onse ntchitoyi, otsala ndi amene sangaloze pepalalo.

Wofuna kulowa adziwe kuti adzafufuzidwa iye, abale ake, ngongole zake ndi zimene analemba pa Facebook zaka zapitazo. Adzalumbira kusunga chinsinsi, ndipo lumbirolo silitha tsiku lopuma ntchito. Mkazi kapena mwamuna wake adzazolowera mayankho afupiafupi. Akakumana ndi munthu womuuza kuti "ndipatseni kangachepe, ndili ndi achimwene kumeneko," ameneyo ndi wakuba. Woopsa kuposa wakubayo ndi wandale wonena kuti "ndikulowetsa ine, mwana wanga." Ameneyo akhoza kukulowetsadi, koma anzako a mu ofesi adzadziwa khomo limene unalowera, ndipo boma likadzasintha, mndandanda wa osamutsidwa umayambira pa mayina oterowo.