Chogwirira cha endoscope: chida chopulumutsa odwala chimene chikuvulaza madokotala

Dokotala amene amaunika m'mimba ndi m'matumbo mwa wodwala ndi chida chotchedwa endoscope amadalira kwambiri chala chimodzi, chomwe ndi chala chachikulu cha dzanja lamanzere. Chalachi ndicho chimatembenuza timagudumu tiwiri timene timawongolera nsonga ya chidacho ikakhala m'kati mwa thupi, ndipo kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wasonyeza kuti ndi chimodzi mwa ziwalo zimene zimavulala kawirikawiri pa ntchitoyi.

Endoscope ndi kapaipi kofewa, kokhala ndi nyali ndi kamera kunsonga kwake. Kounikira kum'mero ndi m'chifu kamapitirira pang'ono mita imodzi, pamene kounikira m'matumbo aakulu kamafika masentimita 168. Kumbuyo kwa kapaipiko kuli chogwirira. Gudumu lalikulu la pa chogwiriracho limapinda nsonga m'mwamba ndi pansi, laling'ono limaipinda kumanja ndi kumanzere, ndipo onse awiri amachita zimenezi pokoka mawaya amene amayenda m'kati mwa kapaipi mpaka kunsonga. Palinso mabatani awiri: lina loyamwira madzi ndi mpweya, lina lopopera mpweya kapena kutsukira galasi la kamera. Zonsezi zimayembekezera dzanja lamanzere, lomwenso liyenera kunyamula chidacho, chifukwa lamanja limakhala likukankha ndi kupotokola kapaipi. Ngakhale dokotala wamanzere amagwira chimodzimodzi.

Kamangidwe kameneka kali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ikukhudza chigawo chino. Basil Hirschowitz, amene anabadwira ku Bethal m'dziko la South Africa mu 1925 n'kuphunzira udokotala pa yunivesite ya Witwatersrand, ndiye anatsogolera ntchito yopanga endoscope yofewa ya timaulusi ta galasi pa yunivesite ya Michigan ku America. Mu 1957 anameza yekha chida choyambacho asanachiyese pa wodwala. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, nsonga inali itayamba kupindika mbali zinayi. Nthawi imeneyo dokotala ankasuzumira pa kagalasi kamene kanali pamwamba pa chogwirira, choncho chidacho chinkayenera kukhala pafupi ndi diso, m'dzanja limodzi. Mu 1983 kampani ya Welch Allyn inabweretsa endoscope yoonetsa zithunzi pa sikirini. Kagalasi kosuzumirako kanachoka, koma timagudumu ndi mabatani zinatsala pamene zinali. Zithunzi zakhala zikuwala bwino chaka ndi chaka, pomwe chogwirira chasintha pang'ono chabe.

Vuto limaonekera kwambiri pounika matumbo aakulu, omwe ndi okhotakhota. Kapaipi kakapindika m'kati, mawaya amalimba, ndipo chala chimafunika mphamvu yochuluka kuti gudumu litembenuke ndi kukhala pamene chalisiya. Dokotala amabwereza zimenezi kambirimbiri pa wodwala mmodzi, ndiye pa tsiku amaona odwala angapo. Mu 2009 gulu lotsogoleredwa ndi Amandeep Shergill ku San Francisco linafalitsa zotsatira za kuyeza mphamvu imene zala ndi minofu ya mkono zimagwiritsa ntchito pa kuunika kotere, ndipo linapeza kuti nthawi zina imapitirira mlingo umene akatswiri a chitetezo cha pa ntchito amati ndi wabwino. Zotsatira zake ndi kutupa kwa mitsempha ya m'tsinde mwa chala chachikulu, matenda amene madokotala amawatcha De Quervain, dzanzi la m'zala, ndiponso ululu wa m'chigongono, m'khosi ndi kumsana.

Bungwe la akatswiri a ntchitoyi ku America, la American Society for Gastrointestinal Endoscopy, linatulutsa malangizo apadera pa nkhaniyi mu 2023. Litaphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana, linapeza kuti oposa theka la ogwira ntchitoyi anavulalapo, ndipo amayi amavulala kuposa abambo. Chifukwa chimodzi n'chosavuta kumvetsa. Chogwirira chimapangidwa cha saizi imodzi, ndipo chinakhazikika pa nthawi imene pafupifupi onse ochigwira anali amuna. Munthu wa dzanja laling'ono safikira bwino gudumu laling'ono, motero amatambasula chala mopitirira muyezo, kapena amachotsa dzanja lamanja pa kapaipi kuti lithandize, ndipo apo nsonga imatha kuterereka n'kuchoka pamalo amene amafuna kuona. Magolovesi a m'chipatala amabwera m'masaizi osiyanasiyana. N'zodabwitsa kuti chida chogwiridwa ndi manja omwewo chilibe mwayi wotero.

Opanga zida sanangokhala chete. Pali timapulasitiki tovekera pa gudumu laling'ono kuti chala chachifupi chilifikire. Kampani ya Olympus ya ku Japan, imene ndi yaikulu pa msika wa zidazi, inatulutsa mu 2020 mtundu watsopano wa EVIS X1 wokhala ndi chogwirira chopepukirapo ndi chosavuta kufumbata. Makampani ena, monga Ambu ya ku Denmark, amapanga zida zogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya, zimene zimakhala zopepuka, ngakhale zimadzetsa funso la mtengo ndi zinyalala. Akatswiri ena akuyesa timainjini tamagetsi toti tizikoka mawaya m'malo mwa chala. Komabe kusintha kwakukulu n'kovuta, chifukwa chogwirira chiyenera kupirira kuviikidwa m'mankhwala ophera tizilombo wodwala aliyense akatha, ndiponso madokotala amene anaphunzira kagwiridwe kamodzi kwa zaka zambiri safuna kuyambiranso.

Kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa nkhaniyi ili ndi kulemera kwina. Chigawochi chili m'gulu la madera amene khansa ya kum'mero ndi yofala kwambiri padziko lonse, ndipo Malawi ali pakati pa mayiko okhudzidwa koposa. Likodzo likawononga chiwindi limatupitsa mitsempha ya magazi ya kum'mero, ndipo ikaphulika, njira yodalirika yoletsera magazi ndi kuimanga ndi timphira kudzera mu endoscope. Odziwa ntchitoyi ndi ochepa, ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu za m'mizinda. Pamene wodziwa ali mmodzi kapena awiri, chala chikatupa ndiye kuti odwala ochokera kutali abwezedwa kapena adikira milungu. Zida zakale, kuphatikizapo zopatsidwa ngati thandizo, zimawonjezera vutoli ngati sizikonzedwa, popeza mawaya akatha nsonga simvera msanga ndipo chala chimagwira ntchito yoposa.

Zambiri mwa zimene malangizo a 2023 akulimbikitsa sizifuna chida chatsopano. Sikirini ikhale patsogolo penipeni pa dokotala, pa msinkhu woti asapotoze khosi. Bedi la wodwala likwezedwe kapena kutsitsidwa kuti zigongono zikhale momasuka. Pansi pakhale mphasa yofewa yopondapo, ndipo pakati pa odwala pakhale kanthawi kopumula ndi kuwongola zala. Malangizowo akutinso ogwira ntchitoyi aziphunzitsidwa kasamalidwe ka thupi lawo, makamaka ophunzira amene manja awo sanazolowerebe kugwira molakwika.