Kodi ndeke ingafupikitse ulendo wa ku Lusaka kwa munthu wa ku Mlolo?

Munthu akamva kuti ndeke yocokera ku Mfuwe imatera ku Lusaka patangopita ola limodzi ndi mphindi zowerengeka, amaganiza kuti cigawo conse ca kum'mawa cili pafupi ndi likulu la dziko. Kwa anthu a kwa Mfumu Mlolo m'boma la Chadiza, kufupi ndi malire a Chanida olowera ku Mozambique, nkhani siili conco.

Mtunda wa ndeke amauyeza molunjika, monga momwe mbalame iulukira, osalabadira mapiri kapena mitsinje. Pa muyeso umenewu, kucoka ku Mlolo kufika pa bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka pali makilomita pafupifupi 440. Codabwitsa ncakuti kucoka pa bwalo la Mfuwe kufika ku Lusaka komweko, mtunda ndi wofanana ndi umenewu.

Tsono kuti akakwere ndeke ku Mfuwe, wa ku Mlolo ayenera kuyamba wayenda makilomita pafupifupi 50 kufika ku Katete, ena oposa 80 kufika ku Chipata, kenaka enanso pafupifupi 100 kutsikira ku cigwa ca Luangwa. Onsewo aposa 200, ndipo akafika amakhala asanayandikire ku Lusaka ngakhale pang'ono. Maola anai kapena asanu amatha mumseu, osawerengera nthawi yodikira kuti galimoto idzaze. Tikiti nayo mtengo wake uposa wa basi kangapo.

Cifukwa cake ncosabisika. Ndeke imatsata kumene kuli okwera ambiri otha kulipira. Ku Chipata bwalo lilipo, koma la Mfuwe ndilo lalikulu m'cigawoci, ndipo ndeke za kampani ya Proflight Zambia zimapitako kwenikweni kaamba ka alendo odzaona nyama m'nkhalango ya South Luangwa, osati alimi a cimanga ndi soya.

Ndiye amene ali ndi ulendo wa ku Lusaka amangokhotera kumadzulo pa Katete. Mseu wa Great East, wodzera ku Petauke, Nyimba ndi pa mlatho wa Luangwa, umamufikitsa atayenda makilomita osakwana 550 kucokera kwao, ulendo wa tsiku lathunthu. Mseuwu uposa njira ya m'mwamba ndi makilomita pafupifupi 100 cabe, cifukwa umakhotakhota m'mapiri a ku Luangwa.

Pamene mtunda umapweteka ndi pa matenda. Bungwe la Zambia Flying Doctor Service, lomwe linayamba mu 1965 ndipo likulu lake lili ku Ndola, linakhazikitsidwa kuti lifikire anthu a kutali otere. Komabe ndeke imafuna potera. Mai amene wavutika pobereka usiku ku Mlolo amadalirabe ambulansi ndi mseu kuti afike pa cipatala ca Chadiza, ca St Francis ku Katete, kapena cacikulu ca ku Chipata, ndipo nyengo ya dzinja tinjira ta m'midzi tikaterera, makilomita 20 oyambirira ndiwo amatenga nthawi yaitali koposa.